Kamluzu ka m'kompyuta

Lolemba, 3 Juni

Akamwini, amuna a mwana wathu, adutsa lero pa ulendo wa kuntchito n'kutisiyira kompyuta ija. Laputopu yakale, maikolofoni yokhala ndi kamwendo kake, timasipika tiwiri ndi mahedifoni. Ndachotsa nsalu za makasitomala pa tebulo lodulirapo, ndapukuta, ndiye tayika pamenepo.

Ndilembe bwinobwino kuti mutu ukhazikike. Adokotala ati chotupa cha pakhosi pa abambo, amuna anga, sichingachoke chokha, achotsa ndi kholingo lomwe kumapeto kwa mwezi uno. Moyo ukhoza kupulumuka, mawu ayi. Mwana wathu ndi woyembekezera, watopa kale, ndipo kumene ali n'kutali, sangakwere basi. Analira pa foni sabata yatha. "Amayi, mwanayu adzabadwa osawamvako agogo ake. Ajambuleni mawu akadalipo."

Akamwini andiphunzitsa. Batani lofiira kuyamba, lakuda kuimitsa, lokhala ngati nsonga ya mkondo kumvetsera. Chikalakwika, kuchidina n'kufufuta. Ndawafunsa kuti zofufutazo zimapita kuti, andionetsa kabini kali pakona. Ati zimakhala mmenemo mpaka munthu atakhuthula. Batire inafa kalekale, choncho chaja isachoke pa soketi. Zonsezi ndalemba pa katoni n'kumata pakhoma. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, koma chinthu ukandionetsa kamodzi sindisokoneza.

Abambo (ndizilemba B. kuti ndisathe pepala) angoseka. "Zaka zonse zija ndili kondakitala ndinkakuwa pa chitseko cha basi anthu n'kumatseka makutu. Lero ndiye mukundifunira chimkuzamawu?" Mawu ndi osasa, koma akadali awo.

Lachiwiri, 4 Juni

B. asamba, ameta, avala jekete. Ndawauza kuti makinawa satenga nkhope. Ati mdzukulu adzamva ndithu kuti munthu anali atatchena.

Akamba nkhani ya mayi uja anabereka m'basi mvula ili pakati, matayala atatitimira m'matope. Mmene anathamangitsira azibambo onse panja, kubwereka lezala yatsopano kwa wogulitsa zinthu, kugwirizira tochi atayang'ana kumbali. Kenako mwana atalira, iwo n'kufunsa mayiyo kuti nanga wokwera watsopanoyu tikiti yake ili kuti. Ndaimva nkhaniyi kambirimbiri, koma lero aikamba ngati kale. Anafika poseka okha mpaka kutsokomola. Ine ndinaluma nsalu kuti kuseka kwanga kusalowe.

Atakagona masana ndinamvetsera. Pansi pa mawu awo pali chiphokoso, mmmm, ngati njuchi zamanga m'khoma. Ndiye pakati pa mawu, akangoima pang'ono, pakumveka kamluzu kowonda, fwii, n'kusiya, fwii. Ndabwereza. Kalipo kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Ine msoko wokhota sindipereka kwa kasitomala. Ndimamasula n'kuyambiranso, ngakhale mwini wake atanena kuti sizikuoneka. Ndiye chinthu choti mwana adzachisunga moyo wake wonse chikhale ndi njuchi? Ndafufuta. Masiku alipo.

Kabini kaja kanasintha, kanaoneka kodzaza timapepala. Ndakhuthula. Sindigona ndi zinyalala m'nyumba.

Lachitatu, 5 Juni

Ndawauza B. kuti tibwereze, dzulo panali phokoso. Ati chabwino, a telala.

Njuchi zija zimakula firiji ikadzuka. Ndatulukira ndekha, ndinakhala pakati pa khitchini ndi tebulo khutu lina uku lina uku. Ndazimitsa firiji. Zachepa koma sizinathe. Kamluzu kali pompo.

Ndafufuta. Mkaka wa B. wasasa chifukwa ndinaiwala kuyatsanso.

Lachinayi, 6 Juni

China chatsopano. Tili pakati pojambula, masipika anayamba ti-ti-ti, ti-ti-ti, trrr, kenako foni yanga n'kulira. Kasitomala wa diresi la zipi yakumbuyo. Ndiye kuti makinawa amadziwa foni isanalire.

Mafoni onse awiri ndawaika m'poto, ndavindikira, ndaika poto m'kabati. B. ati, "Muthiremo ndi mchere, mayi."

Ndatseka mawindo. Ndachotsa wotchi ya pakhoma. Ndayala bulangete pa tebulo kuti maikolofoni isagwedezeke. Makina osokera ndawazula pa soketi ngakhale anali ozimitsa. Diresi la eni silinasokedwe.

Lero akamba za momwe tinakumanirana, ine nditakwera ndi mpukutu wa nsalu n'kukana kuuika pamwamba pa basi. Anawonjezera zabodza, zoti ndinayamba kuwamwetulira ndine. Kamluzu kakula kuposa dzana. Ndafufuta.

Loweruka, 8 Juni

Sindikudziwa kuti ndilembe bwanji.

M'mawa ndikusesa, kompyuta ili yoyaka koma palibe chimene ikuimba, ndinamva munthu akulankhula m'chipinda. Mzimayi. Ndinayang'ana pawindo, palibe. B. anali kubafa. Ndinagunditsa khutu pa sipika yakumanzere, ndi mmenemo. Mawu apansipansi, osalekeza, ngati munthu akuwerenga mayina, koma liwu ndi limodzi lomwe silikugwirika. Ndinatsitsa voliyumu mpaka pansi. Sanasiye.

Ndinalakwitsa kuitana aneba, a Mwamva. Dzinali anawapatsa ndi B. chifukwa nkhani yawo iliyonse imayamba ndi "mwamva?" Anamvetsera atagwira pachifuwa. Ati, "Anzanga, chinthu ichi m'nyumba muli wodwala? Amenewatu akuitana munthu. Chitulutseni." Ndinawayankha kuti n'za magetsi chabe.

Pofika masana, mayi wogulitsa mazira anandipatsa moni wa pamaliro.

B. anamvetsera nawonso. Ati, "Ngati akundiitana, auzeni basi yadzaza." Sindinaseke. Lero sitinajambule.

Lamulungu, 9 Juni

Mwana anaimba. "Zikuyenda, amayi?" Ndati zikuyenda. "Mwajambula zingati?" Ndati tikukonza kuti zimveke bwino. Ati mwana akumenya kwambiri m'mimba, ndipo akufuna adzaike masipika pamimba kuti ayambiretu kuwazolowera agogo ake.

Lolemba, 10 Juni

Ndakatenga bambo wokonza mawailesi wa pafupi ndi chigayo. Munthu wosalankhulalankhula, zala zopserera ndi chitsulo chowotcherera. Anamvetsera mzimayi uja n'kumwetulira. Ati ndi wailesi, ikuwerenga nkhani. Waya wa masipika ndi wautali ndiponso wotchipa, ndiye umakola za mumlengalenga monga chingwe choyanikira chimakolera fumbi. Anaudula, anaufupikitsa, anaukulunga pa kachitsulo kozungulira. Mzimayi uja zii.

Njuchi ati n'za chaja ndi mawaya a nyumba ino, omanga sanaike waya wopita m'nthaka. Zimenezo sangazithe, pokhapokha nditapeza batire, ndipo ya mtundu umenewu anasiya kuiona.

Ndinamufunsa za kamluzu. B. anakhala pa mpando n'kulankhula pang'ono kuti tiyese. Bamboyo anavala mahedifoni, anamvetsera, anasintha pobayira maikolofoni, anamvetseranso. Anakanda m'mutu. "Aka ndiye sindikadziwa, mayi. Si ka magetsi ayi. Ka magetsi sikapumira." Ati mwina ndi maikolofoni yeniyeniyo.

Atapita ndinawapempha B. akambenso ya mayi wa m'basi. Anaikamba mwachidule, za lezala anadumpha, pa tikiti sanaseke. Mawu amathera panjira ngati ulusi wovunda. Ati, "Mayi, nthabwala ukaibwereza chonchi imasanduka umboni wa kukhoti." Ndinawauza kuti kamodzi kokha, mawa.

Ndafufuta. Ndakhuthula.

Lachiwiri, 11 Juni

Supu anamwa theka. Akugona chokhala, ati akagona chagada khosi limawathina. Sitinajambule.

Lachitatu, 12 Juni

Ndilembe monga zachitikira.

M'mawa B. anali pakhonde kuothera dzuwa. Ndinaganiza zoyesa maikolofoni yokha, monga ndimayesera singano pa kansalu kotsala ndisanagwire nsalu ya eni. Ndinadina lofiira, chipinda chili chopanda munthu wina, ine chilili osapuma. Ndinamvetsera. Njuchi zilipo patali. Kamluzu palibe. Ndinayesanso, ndikulankhula ndekha, kuwerenga zolembedwa pa paketi ya tiyi. Palibe.

Ndinasangalala ngati mwana. Ndinathamangira pakhonde, bwerani msanga, zakonzeka zokha. Anabwera pang'onopang'ono atagwira khoma. Anakhala. Ananena moni kwa mdzukulu. Pomvetsera, fwii.

Ndinasintha mpando. Ndinawavula wotchi. Ndinawauza achotse lamba, mwina chitsulo chake. Anachotsa n'kukhala atagwira buluku ngati wogwidwa ndi apolisi. Fwii.

Kenako ndinavala mahedifoni iwo ali phee, osalankhula, akungodikira kuti ndiwauze chochita. Kamluzu kanalira. Ndinakweza maso. Mapewa awo anali akukwera. Kanasiya, mapewa anatsika. Anakweranso, fwii.

Ndinavula mahedifoni. Ndinapita n'kuika khutu pakhosi pawo, pamwamba pa kolala. Kali pamenepo. Ndi mpweya wawo, ukudutsa pamalo pothina.

Munthu ndimagona naye chipinda chimodzi. Khutu linazolowera monga limazolowerera wotchi, mpaka makina a eni ndi amene amve. Ine ndili kalikiliki kuzimitsa firiji.

Ati, "Mwapeza, a telala?" Ndinati ndapeza. Sanafunse kuti chiyani. Ndikuganiza kuti ankadziwa.

Mawa kuchipatala, ngakhale si tsiku lathu.

Lachinayi, 13 Juni

Namwino anamva tisanakhale n'komwe pa benchi. Anasiya zimene amalemba. "Kupuma kumeneku kwayamba liti?" Ndinati Lachiwiri la sabata yatha kanalipo kale. Anandiyang'ana. "Ndiye mumadikira chiyani, mayi?"

Adokotala anaunika. Ati njira ya mpweya yatsala pang'ono, za kumapeto kwa mwezi tiiwale. Bedi lipezeka mawa m'mawa, opaleshoni Loweruka. Awabaya jakisoni wochepetsa kutupa. Ati akayamba kubanika tisadikire kuti kuche.

Titafika kunyumba B. anapumula, kenako anakhala pa tebulo lodulira. Mawu tsopano ndi manong'onong'o, amalankhula mawu awiri atatu n'kupuma. Ati, "Ndiikireni ya Lachiwiri ija. Ya m'basi. Ndidzimve."

Ndinaima ndi sizasi m'manja.

Ndinawauza kuti ndinafufuta. Ati, "Zonse?" Ndinati zonse. "Ya mpukutu wa nsalu?" Ndinagwedeza mutu. Iwo ankayesa kuti tikungowonjezera, zakale zili momwemo. Anayang'ana kompyuta nthawi yaitali, kamluzu kakulira, tsopano ndikukamva ngakhale ndili kukhomo. Sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Anadzuka n'kukalowa kuchipinda.

Ndinatulutsa foni m'poto n'kuimbira akamwini. Anayamba bwino: musadandaule amayi, zili m'kabini, zimabwerera. Ndinati kabini ndinkakhuthula madzulo alionse. Kenako ati kuntchito kwawo kuli munthu amene nthawi zina amatha kuvuula zinthu zotere, mwina zonse, mwina zidutswa, mwina osapeza kanthu. Koma ndizimitse kompyutayo pompano, ndisajambulenso chilichonse, chifukwa chatsopano chimakhala pamwamba pa chakale n'kuchikwirira.

Mwana analanda foni. Sanalire. Ati, "Amayi, inu ndi ukhondo wanuwo." N'kudula.

Ndazimitsa. Ndazula chaja. Ndavindikira ndi nsalu.

Mafoni athu ndi a mabatani, sajambula. Ndinalowa kuchipinda kukawauza kuti ndikabwereke foni ya a Mwamva, ija yaikulu. Anapukusa mutu. Ndinaumirira. Ananong'ona, "Mawu anga otsiriza, pa foni ya a Mwamva? Mawa aziwaimba pa chigayo." Ndinathamangira kwa wokonza mawailesi, mwina ali ndi chojambulira, koma ndinamupeza atatseka, anzake ati wapita kukagula zipangizo, abwera Lolemba.

Ndalongeza chikwama. Matawulo awiri, sopo, mapijama, kapu yawo, masilipasi. Ndasita chilichonse, ngakhale masokosi. Ndaikamo kabuku ndi pensulo, poti namwino anati azidzalemba zofuna kunena. Pensulo ndaisongola mbali zonse ziwiri.

Lachisanu, 14 Juni

Ndikulemba pa benchi ya panja pa wodi. Awalandira, ali pa bedi la pafupi ndi zenera, awaika mpweya wa m'botolo.

M'mawa ndikuchokera kukasamba ndinawapeza ali pa tebulo, atavala jekete. Nsalu yovindikira ili pansi. Chaja ali nayo m'manja, akufufuza pobayira.

Ndinawauza zimene ananena akamwini. Ndinafotokoza kawiri, kuti tikajambula tikhoza kukwirira ya Lachiwiri ija, imene anaikamba ndi mawu enieni, akuseka. Ndinawagwira dzanja. Ndinati bambo, ndinawononga kale kamodzi, musandichititse kachiwiri.

Anadikira mpweya. Ati, "Zija, mwina zilipo, mwina palibe." Anapuma. "Ine ndilipo."

Ndinawalanda chaja. Ndinaima nayo. Kenako ndinaibaya ndekha, poti iwo ankalowetsa pa bowo la mahedifoni.

Firiji inali ikulira. Mawindo otsegula, panja ana a sukulu akudutsa, wina akukhoma malata. Ndinayamba kupita kukatseka, anandikoka diresi. Batani lofiira anadina okha ndi chala chawo chachikulu chija.

Anasendera mpaka milomo kukhudza maikolofoni. Ndalemba monga ndikukumbukira.

"Iwe wokwera watsopano. Ndine agogo ako. Kale ndinali ndi mawu, ukafunse amako. Ndinkaitana basi ili kuno, anthu kumva ali kutsidya." Anapuma nthawi yaitali. "Kamluzu ukukamvako ndi ine. Usaope. Chinacho ndi firiji." Anapumanso. "Ukamva wina akumina kumbuyoku, ndi agogo ako aakazi. Adzakusokera malaya. Ukadzawadetsa, uthawire kwa ine."

Anafuna kuyamba ya mayi wa m'basi. Anafika pa mvula ndi matope, mawu anakana. Anayesanso, panangotuluka mpweya. Anakhala choncho akuyang'ana maikolofoni. Foni yanga inali m'thumba, masipika anayamba ti-ti-ti, wa takisi n'kuimba, ndipo nthawi yomweyo hutala panja. Zonsezo zalowa.

Ati, "Basi yafika." Sindikudziwa ngati zimenezo zamveka. Ndinadina lakuda.

Sindinamvetsere. Ndinatseka chivindikiro n'kunyamula chikwama. M'takisi anandigwira bondo njira yonse.

Ndawaimbira akamwini kuwauza zimene tachita. Ati adzaitenga kompyutayo sabata yamawa, akayese ndithu, koma tisayembekezere zambiri. Mwana sanabwere pa foni. Ndinamva akufunsa chapatali kuti adadi adya.

Loweruka, 15 Juni

Analowa nawo ku opaleshoni m'mawa, atuluka nawo dzuwa litapendeka. Adokotala ati zayenda monga amafunira.

Anandilola kulowa kanthawi kochepa. Khosi lonse mabandeji, pakati pali kapaipi, ndimo akupumira. Kamluzu palibe. Ndinakhala pambali n'kuwakonzera bulangete, linali litapindika m'mphepete.

Anatsegula maso. Anandiona. Anatsegula pakamwa kuti andiuze kanthu, ataiwala. Nanenso ndinaiwala, ndinawerama n'kutchera khutu.